Biti Yotsimphina

Anthu ankamutcha Singano, ndipo dzinali linamukakamira kwa zaka makumi atatu moti ngakhale malemu mkazi wake akakwiya ankamuitana lomwelo. Linachokera ku singano ya galamafoni, paja iye anayamba udijeyi nthawi imene nyimbo inali chinthu choti unyamule ndi manja awiri, uchipukute fumbi, n'kuchigoneka bwinobwino ngati khanda. Achinyamata a masiku ano, amene galamafoni sanaionepo, ankaganiza kuti dzinalo linabwera chifukwa cha lilime lake. Nawonso sankalakwitsa kwenikweni.

Ankakhala yekha m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yokonza mafiriji. Chipinda china chinali chogona, china chinali balaza lodzaza mbale za nyimbo. Mbalezo zinali m'makatoni, m'makreti a zakumwa, pansi pa tebulo, ndipo zina zinali zitalanda mpando wachiwiri wa pabalaza, poti panalibe wina woukhalira. Mbale iliyonse inali ndi kapepala kakang'ono komata, kosonyeza pamene singano iyenera kutera. Umenewo unali mwambo wake wa ntchito: dijeyi weniweni safufuza poyambira anthu ali chilili kudikira.

Pashelefu ya pamwamba panali chikuto chachikasu chopanda mbale m'kati. Singano ankachipukuta fumbi limodzi ndi zinzake, koma sankachiyang'ana kawiri.

Mbale ya m'chikuto chimenecho inali ya mkazi wake. Inali ya gulu lina lakale loimba ndi magitala ndi lipenga, gulu limene linatha osasiya mbiri. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene Singano anamupatsa dzina loti Namzeze chifukwa chosakhazikika malo amodzi, ali ndi zaka zisanu anafuna kuika yekha singano pambaleyo. Dzanja linaterereka, mbale n'kukandika. Kuyambira tsiku limenelo, lipenga likamamaliza gawo lake, singano inkalumpha n'kudya kugunda kumodzi. Singano anafuna kuitaya mbaleyo, mkazi wake anakana. Ndiye Lamulungu lililonse m'mawa atatuwo ankaivina pabalaza, ndipo malo okandikawo akamayandikira mayi ankafuula kuti, "Dumphani!" onse n'kudumpha pamodzi, n'kutera biti ili m'malo mwake.

Mayi atamwalira, kuvina kunatha. Namzeze anapeza laputopu yakale n'kuyamba kudzitsekera kuchipinda, mahedifoni kumakutu. Singano sanafunsepo kuti ankachita chiyani. Ankangomva ana a anthu akuti "Namzeze ali mu nyimbo," iye n'kuganiza kuti mwanayo akufuna kukhala woimba ngati mayi ake, amene mawu awo ankatsekemera ngakhale pochapa. Tsiku lina mtsikanayo anabwera ndi laputopu ija pabalaza kuti bambo ake amvereko kanthu kena. Singano anamvera pang'ono, n'kudina batani.

"Izi si nyimbo, mwanawe. Uku n'kutaipa."

Patapita sabata Namzeze anachoka ndi chikwama chimodzi ndi mbale yokandika ija. Zaka ziwiri zinadutsa. Zoti ali bwino, ali mumzinda wina, Singano ankazimva kwa mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, amene ankamuuza nkhani za mwanayo mochita kupimira ngati mankhwala.

Ntchito imene inamutsalira inali ya magawo awiri. Lamulungu masana ankaika nyimbo zakale m'bala ina, kuyambira thu koloko mpaka dzuwa kupendeka, kwa madala asanu ndi mmodzi ndi mipando yopanda anthu. Loweruka masana ankapita kuwailesi, pa pulogalamu yotchedwa Khoti la Nyimbo. Kumeneko madijeyi atatu ankamvera nyimbo zatsopano zimene oimba atumiza, zopanda mayina, zongopatsidwa manambala. Woweruza aliyense anali ndi kabelu patebulo. Belu likalira, nyimbo inkaima pomwepo, woliza belu n'kufotokoza mlandu wake. Mayina ankawerengedwa kumapeto.

Kunena zoona, pulogalamuyo inali ya Singano. Anzake awiri aja belu ankaliza mwa apo ndi apo, nyimbo itayenda kale mtunda. Iye ankati nyimbo yabwino imadziwika isanathe masekondi khumi, ndipo omvera ankatumiza mauthenga olosera kuti lero Madala adula pa sekondi yanji. M'basi anthu ankamuzindikira ndi mawu. Sabata yonse ankakhala osayankhula ndi munthu kupatula wogulitsa buledi, ndiye Loweruka likafika mawu onse osungidwa aja ankatulukira pa ana a eni. Iye ankati akuteteza nyimbo. Mwina analidi kutero, koma china n'chakuti munthu amene kwawo kulibe womumvera, akapeza maikolofoni saisiya.

Lachinayi lina, akutsuka kapu yake imodzi yokhayo, foni inalira. Nambala inali yachilendo.

"Adadi, ndine."

Singano anatseka mpopi. Anafuna kunena zinthu zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Uli bwanji?"

"Ndili bwino. Tamverani, sindichedwa. Loweruka pa pulogalamu yanu pali nyimbo yanga."

"Nambala chani?"

"Sindikuuzani. Sindikupempha kuti muiyamikire, mukhoza kuinyoza mmene mungafunire. Ndikungofuna muimvere mpaka kumapeto. Kamodzi kokha, adadi. Mukatero, Lamulungu ndibwera."

"Mawu akowo ndingawasowe ine? Ndinakumva tsiku limene unalira koyamba."

 Namzeze anangoti, "Chabwino," foni n'kuduka.

Lachisanu Singano anachotsa mbale pampando wachiwiri uja, n'kuupukuta. Anagula kapu ina, ndi shuga, poti iye anasiya shuga kalekale koma mwanayo tiyi ankamwa wa masupuni atatu. Anasesa mpaka kuseri kwa makatoni. Mkulu wokonza mafiriji anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati kukubwera akazi atsopano. Singano anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake m'nyumbamo.

Loweruka anafika kuwailesi nthawi isanakwane. Anapeza muulutsi wa pulogalamuyo pakhonde akumwa madzi.

"Achimwene, mndandanda wa lero muli nawo? Ndimati ndingoona mayina."

Muulutsi anamuyang'ana ngati waona nkhuku itavala nsapato. "Madala, inuyo? Si inu munakhazikitsa lamulo loti envelopu isatsegulidwe mpaka kumapeto? Munati woweruza akadziwa dzina, khutu limagontha."

"Ndimangoyesa ngati mukulisunga," anatero Singano. Kunena kuti muli nyimbo ya mwana wake kunamulemera pakamwa. Akanafunsidwa kuti mwana wake uti, ali kuti, bwanji sitimuona, akanayankha chiyani? Anangoti mumtima: nyimbo ndi zisanu ndi zitatu, lero belu sindiligwira, basi nkhani yatha.

Situdiyo inali kachipinda kopanda zenera, makoma omatidwa masiponji otuwa, fani ikuzungulira mwaulesi. Kumanja kwake kunakhala Kabudula, dijeyi wa m'makalabu a achinyamata, amene thalauza sankalidziwa ngakhale kuzizire bwanji. Kumanzere kunali Anti Bezi, mayi wa mawu okhuthala amene ankaika nyimbo m'maukwati ndi m'mapwando a makampani. Singano anavala mahedifoni mwa chizolowezi chake, khutu limodzi lotsekedwa, lina lili pamtunda. Kenako anakhalira manja ake onse awiri.

Nyimbo yoyamba inali ya mnyamata wotchula nsapato zake, wotchi yake, ndi adani ake amene akuti sakugona chifukwa cha iye. Masekondi khumi anadutsa, makumi awiri, mphindi. Singano belu sanaligwire. Pamapeto pake Anti Bezi ndi amene analiza belu, akumuyang'ana Singano cham'mbali.

"Omvera, mauthenga akugwa ngati mvula," anatero muulutsi. "Wina akufunsa ngati a Singano akudwala. Wina akuti singano yabuntha. Madala, muli nafe?"

"Ndilipo. Ndimafuna ndimve ngati afike potchula masokosi."

Anthu anaseka m'situdiyomo, ndipo kusekako kunamukomera ngati madzi ozizira. Muulutsi anaona kuti moto wayaka, n'kuponyapo nkhuni. Anafunsa ngati rapu ya masiku ano yafadi monga Madala amanenera sabata ndi sabata.

"Kufa n'kwabwino, munthu amaikidwa," anatero Singano. "Iyi ikuyendayenda. Onse akuphikira mu mphika umodzi osatsuka. Biti imodzi, ng'oma za m'kompyuta zomwezo, mawu owongoledwa ndi makina moti sudziwa ngati akuimba ndi munthu kapena firiji. Kale woimba ng'oma ankatuluka thukuta. Lero mwana amadina batani kawiri, mawa akudzitcha mfumu."

"Madala, ine ndimaweruza ndi miyendo ya anthu," anatero Kabudula. "Kukalabu sindifunsa kuti ng'oma yatuluka thukuta kapena ayi. Ndikaika nyimbo anthu n'kusiya mabotolo patebulo, imeneyo ndi nyimbo. Zanu zija ndikaika, amapita kukakodza."

"Ngakhale alamu ya moto imadzutsa anthu pampando."

"Nonse awiri mukunama," anatero Anti Bezi. "Achimwene a Singano, nthawi yathu ija zinyalala zinaliponso, zambirimbiri. Ine ndinazinyamula m'makatoni, msana uwu ndi mboni. Kungoti zinyalala zakale zinawola, mwatsala ndi zabwino zokha pashelefu. Za lero zikununkha chifukwa n'zatsopano. Mupatseni mwana zaka makumi awiri, mudzaona chotsala."

Nyimbo yachiwiri Singano anaipirira mpaka inatha yokha. Yachitatu itayamba, Singano anatchera khutu. Anali mawu a mtsikana, opyapyala, oimba za munthu amene anapita osatsanzika. Asanakwere pamwamba, woimbayo ankakoka kampweya kakang'ono, ndendende mmene ankachitira malemu mkazi wake. Singano anatseka maso. Atawatsegula anaona dzanja la Kabudula likupita kubelu, ndipo analigwira pamkono.

Nyimbo inatha. Kunena mosakondera, inali nyimbo wamba, yoti ukaimva m'basi umaiwala usanatsike. Koma Singano anayankhula kwa mphindi ziwiri zathunthu. Anati mwana ameneyu ali ndi mtima, anati mawu otere sagulidwa, anati kwawo kwa mwana ameneyu anyadire, ndipo ngati pali amene anamulakwira, adziwe kuti analakwira munthu wa mphatso. 

"Koma Madala," anatero Kabudula akusisita mkono wake, "mawu amenewa adutsa m'makina omwe aja mumawatukwana. Firiji yomwe ija."

"Firiji ina imasunga zabwino," anatero Singano.

Anatsamira kumbuyo. Katundu amene anamusenza kuyambira Lachinayi anali atatsika. Wamupeza mwana wake, wamumvera mpaka kumapeto, wamupepesa dziko lonse likumva. Mawa mpando wachiwiri ukhala ndi mwini wake. Anatulutsa manja pansi pa ntchafu, n'kuwongola zala. Omvera anali atadikira kokwanira, ndipo munthu wosangalala amafuna kusangalatsa anzake.

Nambala folo inagwa pa masekondi khumi ndi awiri. Nambala faifi pa asanu ndi awiri. Muulutsi anafuula kuti singano yanoledwa, mauthenga n'kuwirikiza.

Nambala sikisi inayamba ndi kuthetheka kwa fumbi, kenako ng'oma yolemera, yoyenda pang'onopang'ono, ndi bezi yokhuthala pansi pake. Mnyamata wina anali kukonza kukhosi kuti ayambe kulakatula. Singano, monga dijeyi aliyense, sankamvera nyimbo yatsopano ndi mtima. Ankayamba ndi kuwerenga, chala chikugogoda patebulo. Wani, thuu, firii, folo. Wani, thuu, firii, ndipo pamene panayenera kugwa folo, biti inali itabwerera kale pa wani. Chala chake chinagogoda pamphepo. Anawerenganso. Wani, thuu, firii, folo. Wani, thuu, firii, chimodzimodzi.

Belu linalira mnyamata uja asanamalize mzere woyamba.

"Masekondi naini!" anatero muulutsi. "Mlandu wake, Madala?"

"Biti iyi ikutsimphina. Ikusowa mwendo umodzi. Wopanga sadziwa kuwerenga mpaka folo."

"Apa mwafulumira, Madala," anatero Kabudula, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo kuyankhula osaseka. "Kudumpha kumeneko n'kwadala. Ine ndimafuna ndimve kumene akupita nako."

"Kwadala? Galu akatsimphina umati akuvina? Tamvera, mphwanga. Ntchito yathu ndi kulumikiza nyimbo ndi inzake anthu osamva msoko. Ndipatse mbale imodzi padziko lino imene ungailumikize ndi chinthu ichi. Palibe. Nyimbo iyi ilibe m'bale." Anaona muulutsi akugwira pamimba ndi kuseka, ndipo lilime, poti lilibe fupa, linapitiriza lokha. "Ine sindimuda mwana amene wapanga izi. Ndikuda kwawo. Ameneyu anakulira m'nyumba yopanda nyimbo. Akanakhala ndi kholo lomukhazika pansi n'kumuphunzitsa, sakanatichititsa manyazi chonchi."

Anti Bezi anapukusa mutu. "Achimwene, makolo a anthu asiyeni."

Nyimbo ziwiri zotsalazo zinadutsa. Kenako muulutsi anang'amba envelopu n'kuyamba kuwerenga. Singano anakonza kolala ya malaya ake. Pa nambala firii panatchulidwa dzina la mtsikana wina woimba kwaya, dzina limene Singano anali asanalimvepo chibadwire. Anaganiza kuti mwina mwanayo wasintha dzina, paja oimba amatero. Anali akuganizabe zimenezo pamene muulutsi anafika pa nambala sikisi.

"Wolakatula ndi mnyamata wodzitcha Mphezi. Biti yapangidwa ndi mtsikana, taonani zimenezo, wodzitcha Namzeze. Pepa Namzeze, Madala akuti ukaphunzire masamu."

Fani inapitiriza kuzungulira. Singano anamva nyimbo yotsekera pulogalamu ikulira kutali, ngati ikuchokera m'nyumba ya eni. Mwana wake sanali woimba. Zaka zonse zija kuchipinda, mahedifoni kumakutu, ankachita ntchito ya bambo ake: kumvera, kudula, kulumikiza. Ndipo pa mayina onse a padziko, anasankha kudziwika ndi limene iye anamupatsa.

Anzake atatuluka, anapempha mkulu woyendetsa makina kuti amuikire nambala sikisi pa fulashi. Mkuluyo anaseka n'kufunsa ngati akufuna akaitukwanirenso kunyumba.

Anafika kwawo dzuwa likulowa. Sanavule nsapato. Analumikiza fulashi, n'kuvala mahedifoni makutu onse awiri, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri. Ulendo uno sanawerenge.

Kuthetheka kwa fumbi kuja ankakudziwa. Bezi ija inali gitala ya pambale ya m'chikuto chachikasu chija, yochedwetsedwa mpaka kumveka ngati munthu wamkulu akung'ung'udza. Ndipo biti itafika polumpha, phazi lake lamanja linanyamuka lokha pansi n'kutera pa wani. Phazi linakumbukira chimene mutu unakana. Mwanayo anatenga kukandika kuja, kulakwitsa kwa dzanja lake la zaka zisanu, n'kumangapo nyimbo yonse. Mphezi ankalakatula za nyumba ya zipinda ziwiri mmene Lamulungu m'mawa anthu atatu ankakankhira tebulo kukhoma. Mawu amenewo mnyamatayo sakanawapeka yekha.

Pakati pa nyimbo panali chinthu chachilendo. Wolakatula anakhala chete, bezi inachoka, kulumpha kuja kunaleka, n'kutsala ng'oma zokha zikuyenda mowongoka kwa nthawi yaitali, pamwamba pake popanda kanthu. Kumapeto kwa gawolo biti inalumpha kamodzi, zonse n'kubwerera. Singano anadziwa kuti malo otere wopanga biti amasiyira dijeyi kuti alowetsepo nyimbo ina. Koma iti? Iye mwini anali atauza dziko kuti nyimboyi ilibe m'bale.

Anaimba nambala ya Lachinayi ija. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso kanayi. Kenako anakhala pampando wake, moyang'anizana ndi mpando wopukutidwa uja, kapu yatsopano ili patebulo ndi pepala la mtengo likadali kunsi kwake. Chisoni chimene anamva sichinali ngati cha pamaliro a mkazi wake. Pamaliro paja panalibe chimene akanachita. Apa anachita yekha, ndi dzanja lake, anthu akuseka.

Foni inanjenjemera. Uthenga unali waufupi: "Naini, adadi. Ndinawerenga. Kuwerenga ndimatha."

Analemba yankho, n'kufufuta. Analembanso lalitali lofotokoza za mtsikana wa nambala firii, za kampweya ka mayi ake, n'kuona kuti likungosonyeza kuti mwana wake sankamudziwa. Pomaliza anatumiza mawu awiri okha: "Ndalakwa, mwanangu." Sipanabwere kanthu.

Lamulungu m'mawa anawiritsabe madzi a makapu awiri. Chitseko anachisiya chotsegula. Aliyense wodutsa m'kanjira ka kuseri kwa shopu ankamudzutsa pampando. Itakwana wani koloko anathira madzi aja m'sinki, n'kunyamula kreti yake ya mbale kupita kuntchito, poti ntchito siidziwa kuti mwini wake walira.

M'bala munali mmene mumakhalira Lamulungu masana: fungo la sopo wokolopera, mipando ina ikadali miyendo m'mwamba, madala asanu ndi mmodzi ataunjikana pansi pa kanema kudikira mpira. Mayi wa pakauntala anamukodola.

"Bambo Singano, katundu wanu uyu. Panabwera mtsikana m'mawa tikukolopa."

Chinali chinthu chafulati, chokulungidwa m'thaulo, m'jumbo ya pulasitiki. Singano sanafunikire kutsegula kuti adziwe.

"Ananena chiyani?"

"Anangoti mupatse adadi. Ine mpaka ndinafunsa kuti adadi ake ati, sindimadziwa kuti muli ndi mwana wamkulu chonchija. Akuti anafika Lachisanu, amagona kwa mayi ake aang'ono. Koma anali ndi chikwama kumsana, amathamangira basi ya m'mawa."

Anafika Lachisanu. Pamene iye ankapukuta mpando, mwanayo anali kale mumzinda womwewo, misewu ingapo kuchokera pakhomo pake, mbale ili m'chikwama, akudikira Loweruka. Anali ndi chikhulupiriro chotero mwa bambo ake.

Singano anakwera pakansanja kake pakona, pamene panali magalamafoni awiri ndi makina olowetsa fulashi a Kabudula, amene ankaika nyimbo m'balamo usiku. Anamasula thaulo. Munalibe kalata. Mbale inali yoyera, yosamalidwa kuposa mmene iye akanaisamalira. Ataipendeketsa kukuwala anaona mzere wokandika uja, ndipo chapafupi, cham'kati pang'ono kuchokera m'mphepete, panali kapepala kakang'ono komata, kodulidwa mwaukhondo, koikidwa mmene iye amaikira. Si iye anakaika. Mbale imeneyi sanaitengerepo kuntchito.

Anaigoneka pagalamafoni, n'kutsitsa singano pa kapepalako. M'mahedifoni munalira lipenga, pachiyambi penipeni pa gawo lake.

Manja ake anadziwa chochita mutu usanamalize kuganiza. Analowetsa fulashi, n'kuyambitsa nambala sikisi m'masipika a m'balamo. Mdala wina anatembenuka n'kukweza nsidze, poti rapu pa nthawi ya Singano chinali chinthu chosamveka. Singano anachedwetsa galamafoni pang'onopang'ono mpaka liwiro la mbale linafanana ndi la ng'oma za mwana wake. Anagwira mbaleyo ndi nsonga za zala, lipenga lili pakamwa pa singano, n'kudikira. Ndi dzanja linalo anatulutsa foni, n'kuimba nambala ija, n'kuigoneka pafupi ndi sipika.

Mphezi anakhala chete. Bezi inachoka. Singano anasiya mbale.

Lipenga linalowa m'malo opanda kanthu aja ngati phazi mu nsapato yake. Silinasefukire, silinaperewere. Mwanayo anayeza gawo lonse la lipenga, kugunda ndi kugunda, n'kusiya mpata wa msinkhu womwewo m'nyimbo yake. Nyimboyo sinali yomalizidwa. Theka lake linali pa fulashi, theka lina pambale, ndipo woti azilumikize anali munthu mmodzi yekha, Lamulungu lomwelo, mwana wake ataima pambali pake.

Foni inkaitana pafupi ndi sipika. Singano ankaiyang'ana, akumvera lipenga likukwera, likutsetsereka, likuyandikira malo aja. Kutatsala pang'ono, kuwala kwa foni kunasintha, kuitana n'kuleka. Palibe anayankha.

Mbale inalumpha, biti inalumpha, zonse pamodzi, popanda msoko. Pakansanja kaja, kuseri kwa makina, bambo wa imvi anadumpha yekha n'kutera pa wani.

Palibe anaona. Mpira unali utayamba, ndipo madala aja maso anali pakanema. Singano anachotsa singano pambale, n'kusiya nyimbo ya mwana wake iyende mpaka kumapeto, mphindi zitatu ndi masekondi makumi anayi. Itatha anaima manja ali lende, akuyang'ana pakhomo pa bala pamene dzuwa linagwera pasimenti yonyowa.

"Bambo Singano," anaitana mayi wa pakauntala, "tsitsaniko pang'ono, anthu akufuna amve mpira."

Anatsitsa. Kenako anavala mahedifoni makutu onse awiri, n'kubwezera singano pa kapepala kaja.